Kasankhidwe, Kayatsidwe ndi Kasutidwe ka Cigar ya Maduro Yamphamvu

Munthu amene akuona koyamba cigar (ndudu yaikulu ya masamba a fodya okhaokha) yakuda, yonyezimira ngati aipaka mafuta, amafulumira kuganiza kuti kudako ndiye chizindikiro cha ukali wake, ndipo ambiri amaiopa kapena kuigula pa chifukwa chimenecho. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi bwino kuwachotsa tisanagwire n'komwe chodulira mutu wa cigar. Liwu lakuti maduro ndi la Chisipanishi, ndipo limatanthauza chinthu chakupsa, monga timanenera za nthochi kapena mapeyala. Limanena za tsamba limodzi lokha, lakunja, limene alivundika nthawi yaitali mpaka kuda, ndipo tsamba lotere limabweretsa kutsekemera osati ukali. Mphamvu imene imazunguza mutu imachokera m'masamba a m'kati, amene maso sawaona. N'chifukwa chake pali ma maduro ofatsa ndipo pali ena aukali. Malangizo ano akunena za aukaliwo, okulungidwa ndi manja, kuyambira pa kusankha mpaka pamene cigar yazima yokha m'mbale ya phulusa.

Yambani mwadziwa chimene mwagwira m'manja

Cigar yokulungidwa ndi manja ilibe pepala ndipo ilibe kathonje kosefa utsi ngati ndudu wamba. Ndi fodya yekhayekha kuchokera kunja mpaka m'kati, kupatulapo kadontho ka ulimbo wa zomera, kopanda fungo, kamene mmisiri amamatira nako kumutu. Ili ndi zigawo zitatu zimene amisiri a ku Cuba, Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic amazitchula kuti tripa, capote ndi capa. Tripa ndi mtolo wa masamba aatali a m'kati, osaduladula. Capote ndi tsamba lolimba limene limamanga mtolowo kuti usamwazike. Capa ndi tsamba lakunja, losankhidwa pakati pa masamba ambirimbiri chifukwa chakuti lilibe chilema, ndipo ndi lokhalo limene limatchedwa maduro.

Aliyense amene anakulira m'dera lolima fodya, kaya ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Chipata, akudziwa kuti masamba a phesi limodzi safanana: a pansi ndi opyapyala, a pamwamba ndi okhuthala ndiponso omata m'manja. Amisiri a cigar anawapatsa mayina masamba amenewa. A pansi penipeni ndi volado, amene amayaka bwino koma alibe kukoma kwenikweni. A pakati ndi seco ndi viso, amene amabweretsa fungo. A pamwamba, amene amawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse ndipo amakhalitsa paphesi, ndi ligero, ndipo amenewa ndiwo ali ndi nikotini wambiri. Cigar imatchedwa yamphamvu pamene mmisiri waikamo ligero wochuluka, makamaka wa ku Estelí m'dziko la Nicaragua, kumene dothi lakuda la mapiri ophulika limatulutsa fodya woluma lilime ngati tsabola. Popeza ligero sachedwa kuzima ndipo amayaka pang'onopang'ono, amamuika pakatikati pa mtolo n'kumuzunguliza ndi masamba osavuta kuyaka. Kayalidwe kameneka kakalakwika, cigar imayaka mopendama ngakhale mutaiyatsa mosamala chotani.

Tsamba lakunja limada chifukwa cha kuvundika. Likathyoledwa, limayamba laumira mumthunzi m'nyumba zofanana ndi zigafa za fodya wa burley kwa masiku 45 mpaka 60. Kenako amaliwaza madzi pang'ono n'kuliunjika m'milu ikuluikulu yotchedwa pilón, ndipo kulemera kwa masambawo pamodzi ndi chinyezi zimachititsa kuti m'kati mwa mulu mutenthe kupitirira madigiri 40, ngakhale palibe moto uliwonse. Antchito amayeza kutenthako tsiku ndi tsiku. Kukafika pa mlingo umene akufuna amaphwasula mulu wonse, amakutumula masamba, n'kuwaunjikanso, a kunja atalowa m'kati ndipo a m'kati atatuluka kunja. M'kutentha kumeneku fungo loipa la amoniya limatuluka, kuwawa kumachepa, mafuta a m'tsamba amabwera pamwamba, ndipo mtundu umanka nuderadera. Tsamba lofuna kukhala maduro limabwerera mumulu kambirimbiri kwa miyezi yochuluka, choncho lopyapyala silingapirire, limawola kapena kung'ambika. Okhuthala okha ndiwo amafika kumapeto.

Mitundu ya masamba imene imapirira ndi yowerengeka, ndipo ndi bwino kuidziwa chifukwa mayina ake amalembedwa pabokosi. Connecticut Broadleaf imalimidwa m'chigwa cha mtsinje wa Connecticut ku United States, ndipo pokolola amadula phesi lonse n'kulipachika pamodzi ndi masamba ake; tsamba lake ndi lamitsempha ikuluikulu, losaoneka bwino kwenikweni, koma lotsekemera kuposa onse. San Andrés ndi ya ku San Andrés Tuxtla m'chigawo cha Veracruz ku Mexico, ndipo imakoma ngati koko wosathira shuga wosakanikirana ndi fungo la dothi. Ku Brazil kumachokera Mata Fina ya ku Bahia ndi Arapiraca ya ku Alagoas. Palinso ma cigar otchipa amene amawadetsa ndi utoto kapena ndi nthunzi pofuna kufulumiza ntchito. Amenewa amaoneka akuda bii mofanana paliponse ngati nsapato yopolisha, pamene tsamba lovundikidwa moona limakhala ndi timawanga, pena pofiirira pena poderapo.

Kusankha

Ngati mukufuna chitsanzo chenicheni cha zimene tafotokozazi, Liga Privada No. 9 ya kampani ya Drew Estate, yokulungidwa ku Estelí, ili ndi Connecticut Broadleaf kunja, Mata Fina ngati tsamba lomangira, ndipo m'kati muli fodya wa ku Honduras ndi Nicaragua. Ina yodziwika kwambiri ndi Padrón 1964 Anniversary Series, imene inatuluka mu 1994 pokumbukira zaka 30 kuchokera pamene José Orlando Padrón, amene anachoka ku Cuba, anayambitsa kampani yake ku Miami. Imeneyi ndi ya fodya wa ku Nicaragua yekhayekha, ndipo amaipanikiza mpaka kukhala ya mbali zinayi m'malo mokhala yobulungira. Arturo Fuente Añejo inabadwa chifukwa cha tsoka: mphepo yamkuntho yotchedwa Georges itaononga fodya ku Dominican Republic mu 1998, banja la Fuente linasowa tsamba lakunja limene linkagwiritsa ntchito, ndipo linatenga Connecticut Broadleaf yosungidwa m'migolo ya mowa wa cognac. Dziko la Cuba linachedwa kulowa m'gulu limeneli, ndipo Cohiba Maduro 5, imene tsamba lake lakunja limasungidwa zaka 5, inatuluka mu 2007. Mayina otchuka ngati amenewa amakopa akuba, ndipo munthu akakuonetsani ma Cohiba m'bokosi lokhala ndi galasi pamwamba pa mtengo wotsika, dziwani kuti ndi achinyengo.

Kukula kwa cigar kumalembedwa ndi manambala awiri, monga 5 x 50. Yoyamba ndi kutalika kwake m'mainchi, yachiwiri ndi kunenepa kwake, poyeza ndi magawo 64 a inchi imodzi. Choncho 5 x 50, imene imatchedwa robusto, ndi yotalika pafupifupi masentimita 13 ndipo ndi yonenepa pafupifupi masentimita 2, ndipo imatha pakati pa mphindi 45 ndi ola limodzi. Toro, ya mainchi 6, imapitirira ola. Kwa munthu amene akuyamba kumene ma cigar aukali, robusto ndi yokwanira. Ine sindiona phindu la zonenepa kwambiri zofika pa 60, zimene zatchuka masiku ano, chifukwa cigar ikanenepa, masamba a m'kati amachuluka n'kuphimba kukoma kwa tsamba lakunja, lomwe ndi limene munthu walipirira ndalama zambiri pogula maduro.

Musanalipire, igwireni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kuifinya pang'ono kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Iyenera kulowa pang'ono n'kubwerera. Ikamalira ngati mukuponda masamba ouma ndiye kuti yauma. Mukapeza malo ofewa ndiye kuti muli mphako ndipo idzayaka mothamanga pamenepo. Mukapeza mfundo yolimba ngati mwala ndiye kuti utsi udzavuta kudutsa. Inunkhizeni kumbali yotsegula. Fungo loyenera ndi la khola louma, koko kapena zipatso zouma, koma likakulasani m'mphuno ngati amoniya, fodyayo sanakhwime. Pomaliza yang'anani ngati pali kabowo kakang'ono ngati kobayidwa ndi singano, pakuti ameneko ndi khomo la kachirombo kofumbwitsa fodya, ndipo cigar imodzi yotere ikhoza kuononga bokosi lonse.

Kusunga

Cigar imene yayenda ulendo wautali isayatsidwe tsiku lomwelo. Ipumule sabata imodzi kapena ziwiri pamalo a chinyezi choyenera. Bokosi lake lenileni limatchedwa humidor, ndipo m'kati mwake amayalamo matabwa a mtengo wa Spanish cedar amene amasunga chinyezi. Ngati mulibe, chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chimagwira ntchito yomweyo mukaikamo kapaketi kosunga chinyezi monga ka Boveda. Mabuku ambiri amanena kuti chinyezi chikhale pa 70 peresenti, koma tsamba la maduro ndi lokhuthala ndiponso lamafuta, limagwira madzi, ndipo pa 70 limazimazima. Pa 65 limayaka bwino. Osuta ena amaitulutsa m'bokosi maola angapo asanaiyatse kuti iumeko pang'ono. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 18 ndi 21, ndipo apa ndi pamene pali vuto kwa ife a kuno, chifukwa mu Okutobala, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, m'nyumba mumatentha kuposa pamenepo, ndipo mazira a kachirombo kaja amaswa monga amachitira nankafumbwe m'thumba la chimanga. Ikani chidebecho pansi, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera. Musasunge ma cigar m'firiji, chifukwa mumaumitsa fodya ndipo amatengamo fungo la ndiwo. Kuziziritsa kumathandiza pamene mwaona kabowo: atsekereni m'thumba la pulasitiki, muwaike m'chigawo choundanitsa madzi masiku 3, kenako m'munsi mwa firiji tsiku limodzi kuti asang'ambike, ndiyeno abwerere m'bokosi lotsukidwa bwino.

Idyani kaye

Gawo limeneli ambiri amalidumpha, koma pa cigar yamphamvu ndi lofunika kuposa chodulira chodula mtengo. Utsi wa cigar ndi wosiyana ndi wa ndudu wamba chifukwa nikotini wake amalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo, ngakhale munthu asaukokere m'mapapo, ndipo cigar imodzi yaikulu ikhoza kukhala ndi fodya wochuluka ngati wa m'paketi yonse ya ndudu. Ine ndinayatsapo toro yaukali madzulo ena nditangomwa tiyi wam'mawa yekha, ndipo ndisanafike ndi pakati pomwe thukuta lozizira linali litatuluka pamphumi, khonde likuzungulira, m'mimba mukutembenuka. Idyani chakudya chokhutitsa, ndipo pafupi pakhale madzi ndi kanthu kotsekemera. Mukamva chizungulire kapena nseru, ikani cigar pansi nthawi yomweyo, imwani madzi kapena chakumwa cha shuga, n'kupita pamphepo.

Tinenenso mosabisa kuti kusaukokera m'mapapo sikuchotsa ngozi. Utsi wa cigar umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero, nikotini wake amazolowereka n'kukhala chilakolako chovuta kusiya, ndipo ngoziyo imakula munthu akamaphatikiza fodya ndi mowa kawirikawiri. Si wa ana, si wa amayi oyembekezera, ndipo amene ali ndi matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi aupewe. Sutirani panja kapena pakhonde, kutali ndi ana ndi aliyense amene sanasankhe kupuma utsiwo, koma pamalo osawomba mphepo yambiri, chifukwa mphepo imakoleza mbali imodzi.

Kudula

Kumutu kwa cigar, kumene kumalowa m'kamwa, n'kotseka ndi tizidutswa ta tsamba tomatidwa mozungulira ngati kachipewa. Mukayang'anitsitsa mudzaona mizere iwiri kapena itatu pamene kachipewako kakuthera, pamalo amene mutu wayamba kupindika. Muyenera kudula pamwamba pa mizereyo, mamilimita 2 kapena 3 okha kuchokera kunsonga, chifukwa mukadutsa pamenepo palibenso chogwira tsamba lakunja, ndipo limayamba kumasuka ngati nsalu yosamangidwa bwino. Chodulira cha mipeni iwiri ndicho chodalirika: tsegulani, lowetsani nsonga, tsekani pang'ono mpaka mipeni itakhudza tsamba mbali zonse, ndiyeno dinikizani kamodzi mwamphamvu. Kuzengereza kumaphwanya mutu. Palinso chodulira chosiya mpata wooneka ngati V ndi china choboola kabowo kozungulira, koma pa maduro yamafuta ambiri kabowo kakang'ono kamasonkhanitsa phula lowawa limene limadzafika palilime kumapeto, choncho ndi bwino kutsegula mokwanira. Mano asagwire ntchito imeneyi.

Mukadula, kokani mpweya kawiri musanayatse. Uyenera kudutsa movutirako pang'ono, ngati mukumwa thobwa lokhuthala ndi kapaipi. Ukamadutsa mopanda chotchinga, cigar idzatentha msanga ndipo muyenera kukoka mofatsa kwambiri. Ukamakana, dulaniko milimita ina imodzi kapena ifinyenifinyeni pang'ono pamene pali mfundo. Kukoka kumeneku kumakupatsaninso kukoma kwa fodya asanapse, ndipo pa Broadleaf yabwino milomo imamva kutsekemera ngati kwa mphesa zouma.

Kuyatsa

Gwiritsani ntchito laitala ya gasi wa butane kapena machesi aatali, ndipo ngati ndi machesi dikirani kuti mutu wake uthe kupsa musanawayandikize. Kandulo, nyali ya palafini ndi laitala ya mafuta zimasiya fungo lawo m'fodya ndipo silichokanso. Poyamba musaike cigar m'kamwa. Igwireni mopendeka, mbali yotsegula ili pamwamba pa lawi koma osalikhudza, n'kumaizunguza pang'onopang'ono monga mmene amaotchera chimanga chachiwisi pamakala, mpaka m'mphepete monse mwada ndipo mwayamba kufuka. Tsamba la maduro limachedwa kugwira moto kuposa loyera, ndiye musadabwe zikatenga mphindi yathunthu. Kenako ikani m'kamwa, lawi likhalebe pansi pang'ono, kokani timaulendo tifupitifupi uku mukuizunguza. Mukatero itembenuzeni n'kuuzira pang'ono pamoto: pafunika kuti nkhope yonse ifiire mofanana. Pakatsala malo akuda, yatsaninso pomwepo, chifukwa cholakwika cha pachiyambi chimakula mpaka kumapeto.

Kusuta ndi kumva kukoma

Utsi ulowe m'kamwa mokha, osati m'chifuwa. Kokani ndi masaya, usungeni m'kamwa kamphindi kochepa, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kokani kamodzi pa mphindi, ndipo pakati pake cigar ikhale m'mbale kapena m'zala. Liwiro ndilo limasiyanitsa munthu amene adzamve chokoleti ndi amene adzamve makala: mukakoka pafupipafupi moto umakula, mafuta a m'tsamba amapserera, ndipo kutsekemera konse kumene antchito aja anakuvundikira miyezi yambiri kumasanduka kuwawa. Chala chikamamva kutentha patali ndi moto, ndiye kuti mukuthamanga.

Osuta amagawa cigar patatu. M'chigawo choyamba, makamaka pa fodya wa ku Estelí, utsi woyambirira umaluma kumbuyo kwa lilime ndi m'mphuno ngati tsabola wakuda, ndipo oyamba kumene amakhumudwa poganiza kuti zikhala choncho mpaka kumapeto. Pakatha mphindi zisanu kapena khumi ukaliwo umatsika, ndipo pansi pake pamatulukira khofi wokazinga ndi koko. Chigawo chapakati ndicho chokoma koposa. Utsi umakhala wokhuthala, wolemera m'kamwa, ndipo mumamveka chokoleti chakuda, shuga wopserera pang'ono, chikopa chofufuta, nthawi zina mtedza wokazinga, ndiponso fungo lija limene dothi limatulutsa mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma. Mawu onsewa ndi ofanizira chabe, chifukwa m'fodyamo sanathiremo chokoleti kapena khofi, ndipo musadzikakamize kumva zonse zimene ena analemba. Kuti mumve zambiri, tulutsirani m'kamwa pafupifupi utsi wonse, kenako tsekani milomo n'kukankhira kotsalako m'mphuno. Chitani zimenezi mwa apo ndi apo ndiponso ndi utsi wochepa kwambiri, pakuti ligero akalowa wambiri m'mphuno misozi imatuluka.

Phulusa musaligwetse pafupipafupi ngati la ndudu. Lisiyeni lifike masentimita 2 kapena 3, chifukwa limaphimba moto kuti usakule, kenako likhudzitseni m'mbale ligwe lokha. Likagwa, yang'anani moto: uyenera kuoneka ngati kachulu kakang'ono kosongoka pang'ono pakati, kusonyeza kuti ligero uja akuyaka mochedwerapo monga anafunira mmisiri. Kachuluko kakatalika kwambiri ndiye kuti mukukoka mothamanga. Pakati pakalowa m'kati ngati dzenje pamene tsamba lakunja latsalira, ndiye kuti mukuchedwetsa kapena tsambalo lanyowa kwambiri. Mbali imodzi ikatsogola, itembenuzeni kuti yotsalirayo ikhale pansi, ndipo ikapanda kufanana ipsetseni pang'ono ndi lawi. Ikazima, gwetsani phulusa lonse, uzirani mpweya kudzera m'cigar momwemo kuti utsi wakale utuluke, n'kuyatsanso monga poyamba. Kalamba ka pepala kokhala ndi dzina musakachotse pachiyambi. Dikirani kuti kutentha kufewetse ulimbo wake, apo ayi kadzang'amba tsamba.

Chakumwa chotsagana nayo

Chakumwa chikonzedwe musanayatse, koma mphindi khumi zoyambirira imwani madzi okha kuti lilime lidziwe kaye cigar payokha. Lamulo lake ndi lakuti ziwirizi zilingane mphamvu, ndipo chakumwacho chikhale ndi kutsekemera kapena kukazingika kumene kungagwirizane ndi tsamba lakuda. Pa zonse zimene ndayesapo, khofi ndiye sakhumudwitsa, ndipo pano sitifunika kuyang'ana kutali, chifukwa arabica wolimidwa kumapiri a Misuku ndi Phoka, akakazingidwa moderapo n'kufulidwa wamphamvu, amatulutsa koko amene ali mu San Andrés kapena Broadleaf. Mukathiramo mkaka pang'ono, ukali wa tsabola uja umafewa. Tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, wofulidwa mokhathamira n'kuthira shuga, amagwiranso ntchito, ndipo shugayo amathandiza pamene nikotini wayamba kulemera.

Kwa amene amamwa mowa, rum yokhalitsa m'migolo ndiyo mnzake wakale wa cigar, popeza nzimbe ndi fodya zimalimidwa m'mayiko amodzimodzi. Flor de Caña ya ku Chichigalpa m'dziko la Nicaragua ndi yosatsekemera kwambiri ndipo imayenda bwino ndi Padrón, pamene Zacapa ya ku Guatemala ndi Diplomático ya ku Venezuela ndi zotsekemera, zoyenera cigar yoluma kwambiri. Bourbon ya ku America, imene lamulo lawo limafuna kuti chimanga chikhale chosachepera 51 peresenti ya mbewu zophikira ndiponso kuti isungidwe m'migolo yatsopano yowauliwa m'kati, imabweretsa vanila ndi shuga wopserera, ndipo imagwirizana kwambiri ndi Connecticut Broadleaf. Vinyo wotsekemera wa port wochokera m'chigwa cha Douro ku Portugal ndi mowa wakuda wa stout nazonso n'zoyenera. Zimene sizigwirizana ndi mowa wopepuka wa lager, umene umangomveka ngati madzi, vinyo woyera wowawasa, ndi gin wosakaniza ndi tonic, amene kuwawa kwake kumakulitsa kuwawa kwa utsi. Whisky wonunkhira utsi wa kuchilumba cha Islay ku Scotland ali ndi omukonda, koma kwa ine utsi uwiri m'kamwa m'modzi umangolimbana. Thirani pang'ono, chifukwa mowa ndi ligero zikakumana chizungulire chimabwera msanga.

Kamwedwe kake n'kofunikanso. Pyontholani pang'ono, mezani, dikirani kamphindi, kenako kokani utsi pamene kukoma kwa chakumwa kudakali palilime, ndipo pakapita nthawi sinthani, muyambe utsi kenako chakumwa, kuti muone njira imene ikukukomerani. Kachidutswa ka chokoleti chakuda cha koko wa 70 peresenti, kosungunukira palilime pakati pa chigawo chachiwiri, kamatulutsa kutsekemera kwa tsamba lakunja modabwitsa. Makadamiya kapena mtedza wosathira mchere amatsuka m'kamwa ndi mafuta ake. Zakudya za tsabola wambiri ndi zipatso zowawasa monga malalanje zidikire nthawi ina.

Chigawo chomaliza

Moto ukayandikira pamene panali kalamba ka pepala, phula ndi nikotini zimene zakhala zikusonkhana kumutu zimayamba kumveka, utsi umatentha, ndipo kukoma kumalemera n'kupita ku khofi wowawa ndi nkhuni zopserera. Apa chepetsaninso liwiro, ndipo mukamva kuwawa uzirani mpweya kudzera m'cigar kamodzi kapena kawiri kuti utsi wokhalitsa utuluke. Cigar yopangidwa bwino ikhoza kukomabe mpaka zala zitayamba kutentha, koma palibe chokukakamizani kufika kumeneko. Ambiri amalekeza patatsala masentimita 3 kapena 4, ndipo pa yamphamvu thupi likanena kuti lakwana, ndi pomwepo. Musaitikite m'mbale ngati ndudu, chifukwa ikaphwanyika imatulutsa fungo loipa limene limamatirira m'nyumba ndi m'zovala. Ingoigonekani, ndipo popeza mulibe pepala kapena mankhwala okoleza moto, idzazima yokha pakapita mphindi zochepa. Chotsalacho musachibwezere m'bokosi la ma cigar ena, ndipo musachisungire mawa, pakuti chikagona chimawawa. Chikazizira kachitayeni panja usiku womwewo, tsukani mbale, pukutani mipeni ya chodulira kuti phula lisaumirepo, ndipo yang'anani ngati chivundikiro cha bokosi chatsekeka bwino.